Buledi wa Mowa wa a Levulo

Chimwalirireni akazi awo, a Levulo uvuni anausandutsa kabati. Munkakhala mapoto awiri, sefa yong'ambika, ndi mababu akupsa amene ankati adzataya tsiku lina. M'mawa wina anatulutsa zonsezo n'kuzindandalika pansi, kenako anagwada ndi kansanza konyowa n'kuyamba kupukuta m'katimo. Mawondo ankalira ngati zitseko zakale. Sanawamvere.

Dzina lakuti Levulo analitola ku ntchito. Moyo wawo wonse anali mmisiri womanga ndi kupaka pulasitala, ndipo sankakhulupirira diso la munthu aliyense, ngakhale lawo lomwe, mpaka ataikapo levulo n'kuona kathovu kaima pakati. Amene anawapatsa dzinali ndi mnzawo, kalipentala, ndipo iwo anamubwezera lakuti Utuchi, chifukwa ngakhale tsiku la ukwati wake m'makutu munali utuchi. Awiriwa anamanga limodzi nyumba zambiri zimene sanagonemo. Wina akamaliza khoma, mnzake ankabwera ndi denga n'kuyamba kunyoza khomalo. Atapuma ntchito, chimene chinawatsalira ndi Loweruka masana pa bala ya pakona, patebulo la pafupi ndi zenera, kunyozana za makoma ndi madenga amene eni ake anaiwala kale kuti anamanga ndani.

Loweruka lina a Utuchi anayamba kukoka lilime botolo lachiwiri lisanathe. Tambula inawapulumuka m'manja. A Levulo anaseka.

"Wakalamba iwe. Mabotolo awiri basi?"

Anawakoleka paphewa, monga anachitirapo kambirimbiri pa unyamata wawo, n'kuwafikitsa kunyumba. Anawagoneka pa sofa, kuwavula nsapato, n'kuuza akazi a mnzawoyo kuti awasiye agone, akadzuka adzafuna tiyi wambiri. Sunali mowa. Inali sitiroko. Pamene ankafika nawo kuchipatala n'kuti mkono ndi mwendo wa kumanja zitafa kale, mawu nawonso atapita.

A Utuchi atatulutsidwa m'chipatala, a Levulo anapita kukawaona. Akazi a mnzawoyo anatsegula chitseko pang'ono chabe n'kunena kuti odwala akugona. Ulendo wotsatira chitseko sichinatseguke, ngakhale wailesi inkamveka m'katimo. Atapitanso, mayiwo anatuluka n'kutseka kumbuyo kwawo.

"Alamu, musamavutike ndi kubwera. M'nyumba muno mowa unatuluka. Anzake a mowa nawonso anatuluka nawo."

Sanakweze mawu. Ananena ngati mmene munthu amauzira wogulitsa mazira kuti lero sagula. A Levulo anavala chipewa chawo n'kubwerera, ndipo mvula inatha, kuzizira kunabwera, asanamuonenso mnzawo.

Ku bala anasiya kupita. Sikuti analumbira, kungoti mpando wa mbali inayo unkawayang'ana. Masiku awo anakhala ofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Tiyi m'mawa, kusesa, kukagula nyuzipepala, kuiwerenga mpaka zotsatsa malonda. Mwana wawo wamkazi ankaimba foni Lamulungu kuchokera kutali, kufunsa ngati akudya, iwo n'kumati akudya. Masiku ena mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo anali oyankha moni wa wogulitsa nyuzipepala, omaliza n'kukhalanso omwewo.

Za buledi anazimva kwa mayi wa pa bala. Anawaona akudutsa tsidya lina la msewu, maso ali pansi, n'kuwaitana.

"Madala, mwayamba kupemphera kodi? Mukulambalala ngati pano tili ndi nthomba."

"Ndikufulumira."

"Kufulumira kupita kwa ndani? Tabwerani mulawe ichi."

Mu bala munalibe anthu, inali nthawi yotsuka matambula. Pa kauntala panali buledi wofiirira, wa pamwamba pokakala ngati msewu wokumbika, wodulidwa kale mbali imodzi. Mayiyo anawadulira kachidutswa. Munali adyo, tsabola, ndi timasamba tina tonunkhira, koma pansi pa zonsezo panali kakomedwe kamene a Levulo anakazindikira asanameze.

"Muli mowa umu."

"Botolo lathunthu. Kasitomala akatsegulitsa n'kusintha maganizo, ine nditaye? Koma musaope, simufika kwanu mukukwawa. Ukali wake umathawa ndi moto, chimatsala ndi fungo."

A Levulo anatafuna pang'onopang'ono. Anaganiza za mnzawo, ali chigonere m'nyumba imene mowa unatuluka. Buledi ndi buledi, anatero mumtima. Munthu angathe kugogoda pakhomo atamunyamula m'manja, dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe angamubweze. Ndipo mnzawoyo akadzangoluma, adzadziwa yekha chimene chabwera, popanda wina kunena kanthu.

"Mundiuze kapangidwe kake."

"Inu? Mumadziwa poyatsira uvuni?"

"Ndinamanga mauvuni a njerwa inu musanabadwe."

"Kumanga khola si kukama ng'ombe, madala."

Komabe anawauza. Makapu atatu a fulawa, beking'i pauda, mchere, kashuga pang'ono, adyo wosinja, tsabola wakuda, timasamba touma ta m'kapaketi, tchizi ngati alipo. Kuthiramo botolo la mowa, kutakasa, kukhuthulira m'chitini, batala wosungunula pamwamba, basi mu uvuni wotentha mpaka mpeni ukalowa uzituluka wouma. Palibe kukanda, palibe kudikira kuti afufume.

"Koma chimodzi chokha, musatakase kwambiri. Fulawa akangonyowa, siyani. Mibulu ikhale momwemo."

A Levulo anagwedeza mutu ngati amva. Mumtima anati awa ndi mawu a munthu waulesi. Anawamvapo kwa anyamata ambiri osakaniza simenti, amene ankati zatheka bwana, pamene pansi pa mulu mchenga uli wouma.

N'chifukwa chake m'mawa uja anagwada pa uvuni. Atamaliza kupukuta anauyatsa, ndipo unanunkha fumbi lopsa kwa kanthawi. Anayeza fulawa, kapu iliyonse n'kuisalaza pamwamba ndi mpeni. Anasinja adyo. Anatsegula botolo, ndipo kaphokoso ka chitsekerero kanamveka kwambiri m'khitchini mopanda munthu wina. Mowa utagwera mu fulawa unachita thovu, n'kumanong'ona m'beseni. Anagwira mthiko ngati fosholo, kuchokera m'mbali kupita pakati, kutembenuza, kudula, kutembenuzanso. Mbulu uliwonse anausaka n'kuuphwanyira m'mbali mwa beseni. Thovu linatha. Anapitiriza mpaka zonse zinasalala n'kumanyezimira, zoti ukanapaka pakhoma mwini nyumba akanakupatsa ntchito ina. Anakhuthulira m'chitini, n'kuchimenyetsa patebulo kuti mpweya utuluke, monga ankachitira ndi konkire, kenako anasalaza pamwamba ndi mpeni wonyowa.

Buledi anatuluka wamfupi, wa makona akuthwa, wosalala bwino. Mpeni unalowa movutikira. M'kati munali mothinana, motuwa, ngati sopo wochapira. A Levulo anadya chidutswa chimodzi ataimirira, chifukwa sanaleredwe motaya chakudya, ndipo nsagwada zinawawawa mpaka madzulo.

Mawa lake anamukulunga m'nyuzipepala n'kupita naye kwa mayi wa pa bala uja. Mayiyo anamunyamula, kumuyeza m'dzanja, n'kumugogoda pa kauntala.

"Mukaumba ena ngati uyu mundiuze. Ndikufuna kuwonjezera chimbudzi kuseriku."

"Uvuni wanga ndi wakale."

"Uvuni ulibe mlandu. Munatakasa mpaka pati?"

"Mpaka zinasakanikirana."

"Ndinati chiyani ine?"

"Munati mibulu ikhale. Mibulu ndi imene imagwetsa nyumba."

"Ndiye mukufuna kugonamo kapena kudya? Thovu lija ndi limene limamukweza buledi. Inu mwalipha ndi mthiko, mwaliika m'manda, n'kusalazanso pamwamba." Anawatulutsira botolo lina. "Mukaona ngati ntchito yatsala pang'ono kutha, ndiye kuti yatha. Muike manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu."

Ulendo wachiwiri anatakasa pang'ono, fulawa n'kunyowa. M'beseni munali zosayang'anika: mibulu, timadontho toyera, thovu likuphulika apa ndi apo. Ntchito yotere akanaipeza pa malo omanga, mnyamata wake akanabwerera kwawo tsiku lomwelo. Dzanja linkafuna kubwereramo lokha. Anaponya mthiko mu sinki n'kuutsegulira madzi kuti asautengenso. Pokhuthulira m'chitini anayang'ana kumbali. Mpeni wosalazira unali pomwepo patebulo, ndipo anautsekera mu dirowa. Anathira batala pa zitunda ndi zigwa zimenezo, kulowetsa mu uvuni, n'kutuluka kukaima pakhonde, manja ali kumbuyo.

Fungo linawapeza konko. Poyamba linali la adyo, kenako la batala wofiira, kenako lina lija la Loweruka masana. Nyumbayo inali isananunkhire chophika cha mu uvuni kwa zaka. Anadzipeza akutchera khutu ngati m'khitchini mukuyenda munthu. Anadziletsa, n'kupita kukapukuta nsapato.

Buledi anakwera mpaka kupitirira mlomo wa chitini, n'kung'ambika pakati. Anali wokhota, mbali imodzi yaitali kuposa inzake. Sanamudule. Anangobudula kakona kamene kanapsa kwambiri, ndipo kanaphwanyika bwino mkamwa. Anavala jekete yawo ya maliro ndi maukwati, kukulunga buledi m'kansalu koyera kopukutira mbale akadali wotentha, n'kukwera basi. Njira yonse anamukhazika pamiyendo, ndipo mayi wina wa pampando wa kumbuyo anafunsa ngati akugulitsa.

Kunyumba kwa a Utuchi maluwa a m'zitini za pakhonde anali atauma. Anagogoda. Mayiwo anatsegula pang'ono ngati kale. Anali ataonda, tsitsi losapesa, manja a diresi atawapindira m'zigongono.

"Alamu."

"Ndabweretsa buledi. Ndaphika ndekha."

"Inu?"

"Ine."

Mayiwo anayang'ana kansaluko, n'kununkhiza. Nkhope yawo inauma.

"Mwaikamo chiyani umu?"

A Levulo anali atakonza yankho m'basi, lakuti adyo ndi tsabola. Litafika pakamwa linakana kutuluka.

"Mowa. Koma ukali wake unathawa ndi moto. Changotsala ndi fungo."

"Ndiye mwauveka malaya kuti ulowe m'nyumba mwanga."

"Saledzeretsa, alamu."

"Patseni kuno."

Sanawauze kuti alowe. Anatenga buledi, kumasula kansalu ali pakhomo pomwepo, n'kubudula chidutswa ndi zala. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali ku msewu.

"Mchere wonsewu. Batala. Mukufuna muwamalize?"

"Mchere ndi wochepa."

"Mchere anawaletsa, ngakhale wa kunsonga kwa supuni. Ndipo ngakhale mukanapanda kuikamo, anzanuwo buledi sadya. Samezanso bwino. Nyenyeswa imodzi ikalowa kolakwika ndiye kuti tabwerera kuchipatala. Chilichonse ndimasinja, kusefa, n'kuwamwetsa ndi kasupuni ka tiyi. Simumadziwa?"

"Sindimadziwa."

"Mukanadziwa bwanji." Ananena motsitsa, ndipo sizinadziwike ngati akunena mlendoyo kapena akudzinena okha.

A Levulo anangoti chilili. Masiku onsewa mnzawo ankamuona m'maganizo ali pampando, wofooka inde, wosalankhula inde, koma akuluma buledi ndi mano ake a m'mbali aja, n'kukweza nsidze. Munthu womwetsedwa ndi kasupuni sanamuganizireko. Anatambasula dzanja kuti alandire katundu wawo.

"Pepani. Ndibwerera naye."

Mayiwo sanapereke. Anabudula chidutswa china, chachikulupo, n'kudya. Kenako chinanso. Ankadya mwachangu, ataweramira kutsogolo kuti nyenyeswa zigwere panja, ngati munthu woba m'khitchini mwa eni.

"Chiyambireni matendawa ndimadya zotsala zawo," anatero mkamwa muli modzaza. "Zosinja, zopanda mchere. Mphamvu zophikira miphika iwiri ndizitenga kuti? Ana amatumiza mankhwala n'kumaimba mafoni. Foni sitembenuza munthu pabedi."

M'katimo munamveka kugogoda, chitsulo pa chitsulo, n'kusiya, n'kuyambiranso.

"Ndi supuni imeneyo, amamenya m'mbali mwa bedi. Amva mawu anu." Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Anawayang'ana a Levulo kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa. "Msana wanu ukadali bwino?"

"Ukadalipo."

"Kuyambira m'mawa ndikufuna kuwakhazika pampando kuti ndisinthe nsalu za pabedi. Woyandikana nafe amene amandithandiza wapita ku ntchito. Vulani jeketeyo. Ndipo mukasambe m'manja ndi sopo."

M'chipinda munali bedi lachitsulo lalitali, la mtundu wa kuchipatala. Bedi lamatabwa limene a Utuchi anakhoma okha linali litaphwasulidwa, zidutswa zake zitatsamira khoma kuseri kwa chitseko. Munkanunkha mankhwala opaka ndi sopo wambiri. Pabedipo panali munthu wochepa, wa ndevu zoyera, mlomo wopendekeka, supuni ili m'dzanja lamanzere.

"Iwe," anatero a Levulo. Mawu ena onse amene anasunga miyezi yonseyi anali a pa bala, ndipo m'chipinda muno sanakwanemo.

A Utuchi anawayang'ana nthawi yaitali. Diso limodzi linkatuluka misozi, koma mayiwo anati limatero lokha, ngakhale ali m'tulo. Pakamwa panagwedezeka, panatuluka mpweya ndi kamawu kosamveka. Kaya kanali moni, kaya kutukwana, a Levulo sanadziwe, ndipo anaona kuti mwina sadzadziwa.

"Musawakoke mkono wakufawo, phewa limaguluka," anatero mayiwo. "Lowetsani manja kukhwapa, mugwire kumsana. Bondo lanu litchinge bondo lawo. Ndikati tiyeni, mudzuke nawo pang'onopang'ono."

Anachita monga anauzidwira, osawonjezerapo nzeru zawo. Mnzawo anali wopepuka kuposa thumba la simenti, koma wovuta kunyamula, chifukwa thumba silichita mantha. Anamva zala za dzanja lamoyo lija zitagwira kolala ya malaya awo. Atamukhazika pampando, zalazo sizinasiye msanga.

Mayiwo anasuntha mapilo, kuchotsa nsalu zonyowa, kupukuta pulasitiki ya pansi, kuyala zina. Ankagwira ntchito mwachangu, osayang'ana aliyense. Atamaliza anaima pakati pa chipinda, nsalu zochapa zili m'manja.

"Ndikufuna ndikasambe bwinobwino, osathamanga, osasiya chitseko chotsegula. Mukhala nawo?"

"Ndikhala."

"Akatsokomola muwaweramitsire kutsogolo. Musawapatse kanthu, ngakhale madzi."

Anatuluka. Asanafike kubafa anaima m'khitchini, ndipo a Levulo anamva mpeni ukudula chinachake pa thabwa.

A Levulo anakhala pa kampando kopanda msana, moyang'anana ndi mnzawo. Pazenera pankaoneka khoma la nyumba ina ndi chingwe choyanikira zovala. A Utuchi ankayang'ana kumeneko.

"Mtengo uja wa pa siteji ya basi anaudula," anayesa a Levulo. "Akuti unkaswa mapaipi."

A Utuchi anangoyang'anabe pazenerapo. Malovu anatsetsereka kumbali kwa mlomo. A Levulo anayang'ana uku ndi uku, n'kupeza kathaulo pamutu pa bedi. Anapukuta mopepuka, ngati akuchotsa fumbi pa khoma lomwe silinaume. Posakhalitsa mutu wa mnzawo unaweramira pachifuwa, supuni n'kugwera pa bulangete. Anagona. A Levulo anakhala chomwecho, akumva madzi akugwa kubafa ndi mpweya wa munthu wogonayo, ndipo sanadziwe ngati uku ndiko kucheza kumene anabwerera. Komabe sanasunthe.

Mayiwo atabwera, tsitsi lili lonyowa, anathandizana kuwabwezera odwala pabedi. Kenako anawaperekeza a Levulo mpaka pakhomo, osapitirira.

"Ndimawasambitsa m'mawa, dzuwa likangofunda. Anthu awiri zimapepuka."

"Ndibwera mawa."

"Sindinati ndakukhululukirani, alamu."

"Sindinapemphe."

Mayiwo anagwedeza mutu, ngati yankholo lawakwanira.

"Nanga buledi?" anafunsa a Levulo. "Ndizibwera naye?"

"Uyu akatha. Koma mchere muchepetse. Si wa odwala, komatu inenso ndakula."

Basi inachedwa. A Levulo anaima pa siteji okha, jekete ili pamkono, manja akununkha mankhwala opaka, msana ukuwawa pamalo pamene unali usanawawepo chipumireni ntchito.